Kuchoka ku Thyolo kukafika pa Mishoni: mbiri ya Blantyre m'maina a malo ake

Ndinakulira m'malayini a antchito pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo kwa ife ana Blantyre kunali "ku tauni" basi. Agogo anga aakazi, amene anathyola tiyi mpaka msana unakana, sankatchula n'komwe dzina loti Blantyre. Ankati Kabula. Akamafotokoza ulendo ankati, "Tinatsikira pa Wenela, n'kuyenda wapansi mpaka kwa Mandala." Nditayamba kuwerenga timabuku ta alendo odzaona malo, ndinapeza malo omwewo, koma ali ndi nkhani ina: wakuti anamanga ichi chaka chakuti, wakuti anafika tsiku lakuti. Zakazo n'zoona ndithu, ndipo ndizitchula. Koma nyumba zakale za mumzindawu zimasunga kwambiri maina a amene analamula kuti zimangidwe. Mbali ya anthu amene anaumba njerwa, kusenza katundu ndi kulima minda inatsalira m'mawu amene timalankhula tsiku ndi tsiku osawaganizira. Ndiye tiyeni tikwere minibasi pa Thyolo boma, tidutse msewu wa M2, tizitsika pa malo akuluakulu a mbiri n'kumamvetsera maina ake.

Thyolo, kapena Cholo

Tiyambire pakhomo. Mukatsegula mapu kapena malipoti a boma la atsamunda, Thyolo simumupeza. Mupeza Cholo. Mzungu anamva liwu loyamba lija, limene ife timalilemba ndi zilembo zitatu, thy, n'kulilemba mmene khutu lake linamvera. Kunena chilungamo sanaphonye kwambiri, poti ambiri kwathu kuno tikamalankhula mofulumira thy amamveka pafupi ndi ch. Yesani kutchula "kuthyola" kangapo mumve. Ndili mwana ndinkaganiza kuti dzina la boma lathu linachokera pa kuthyola tiyi, mpaka ndinakangana ndi mnzanga kusukulu. Ndinalakwa. Dzinali ndi la phiri, ndipo linalipo tiyi asanafike.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, maina ambiri anakonzedwa. Ena anangosinthidwa kalembedwe, monga Cholo kukhala Thyolo, Mlanje kukhala Mulanje, Kota Kota kukhala Nkhotakota. Ena anachotsedweratu: Port Herald anakhala Nsanje, Fort Johnston anakhala Mangochi, Fort Hill anakhala Chitipa. Mu 1968 chinenero chimene chinkatchedwa Chinyanja chinapatsidwa dzina loti Chichewa n'kukhala chinenero cha dziko, ndipo mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board yoyang'anira kalembedwe. Koma Blantyre, dzina la mudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira, silinakhudzidwe.

Minda yobiriwira imene mlendo amaima kuti aijambule ili ndi mbiri yolemera. Britain italengeza ulamuliro wake kuno mu 1891, Harry Johnston anapereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim kwa azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu. Malo aakulu zedi a ku Thyolo anagwa m'manja mwa Eugene Sharrer, ndipo kenako anapita ku British Central Africa Company. Nthawi yomweyo Alomwe ambiri, makolo a ife ena, ankawoloka malire kuchoka ku Mozambique, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Pofika kuno anapeza malo ali ndi eni ake atsopano. Munthu ankaloledwa kumanga nyumba ndi kulima kamunda pa esiteti, koma lendi yake inali kugwira ntchito m'munda wa mzungu, kawirikawiri nthawi ya dzinja imene munda wake womwe unkafuna khasu.

Dzina la dongosolo limeneli ndi phunziro pa lokha. Kuthangata ndi mawu abwino, ndi kuthandiza. Mnansi akadwala mumamuthangata kupalira. Mfumu ikakhala ndi ntchito anthu ankaithangata. Pa esiteti mawu omwewa anasanduka dzina la chinthu chimene anthu ankadana nacho koposa. Mpaka lero wachikulire akati "imeneyi ndi thangata", ndiye kuti akudandaula ntchito yolemetsa yopanda phindu. Mneni "kuthangata" anatsala ndi tanthauzo lake lakale, dzina "thangata" linatenga tanthauzo latsopano, ndipo awiriwa akukhala limodzi m'chinenero chimodzi popanda wosokonezeka. Mawu ena a pa esiteti akusonyeza njira imene anadzera: kapitawo ndi ganyu anachokera ku Chipwitikizi, capitão ndi ganho.

Mkwiyo wa malo ndi thangata unaphulika mu Ogasiti 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba. Zipolowe zinayambira ku Thyolo konkuno n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo, ndipo anthu 11 anaphedwa. Thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962. Agogo akamakamba za nthawi imeneyo sankatchula chaka. Ankangoti "nthawi ya thangata".

Musanachoke ku Thyolo pali malo awiri oyenera kuwaona. Satemwa, esiteti imene Maclean Kay wa ku Scotland anayamba mu 1923, ili ndi nyumba yakale ya Huntingdon House ya mu 1928, imene lero ndi malo ogona alendo. Ku Makwasa kuli Malamulo. Malowa Joseph Booth anawatcha Plainfield, dzina la tauni ya ku New Jersey kumene kunali mpingo umene unamutuma. A Seventh-day Adventist anawagula mu 1902, ndipo patapita zaka zochepa dzina linakhala Malamulo, kunena malamulo khumi amene mpingowo unkatsindika. Apa Chinyanja chinapambana Chingerezi atsamunda akadalipo.

Bvumbwe ndi Limbe

Minibasi ikaima pa Bvumbwe kuti anthu agule tomato ndi kabichi, yang'anani chikwangwani. Malamulo a kalembedwe amene timaphunzira kusukulu anachotsa b ndi p m'mawu ngati bvuto ndi pfuko, lero timalemba vuto ndi fuko. Ngakhale kanyama kaja kogwira nkhuku timakalemba vumbwe. Koma dzina la malo linakana, b wake akadali pomwepo. Maina a malo amachedwa kusintha, ndiye amasunga kalembedwe ndi katchulidwe kamene kanatha kwina konse. Amene mukufuna mutu wa kafukufuku, nawutu.

Limbe ndi tauni imene inabadwa ndi njanji ndi fodya. Njanji ya Shire Highlands Railway inafika ku Blantyre mu 1908, chaka chomwecho Imperial Tobacco Company inatsegula fakitale yake ku Limbe, ndipo tauni inakula mozungulira zinthu ziwirizi. Amwenye anatsegula masitolo awo m'misewu yake. Kwa ife a ku Thyolo, Limbe ndi kumene tiyi wathu amakapezera mtengo, poti okushoni ya tiyi imachitikira kumeneko. Limbe ndi Blantyre anali matauni awiri, aliyense ndi khonsolo yake, mpaka anaphatikizidwa mu 1956. Papepala ndi mzinda umodzi, koma kondakitala akakuwa "Limbe tauni! Limbe tauni!" aliyense amadziwa kuti ndi malo awiri. Pakamwa pa anthu chiphatikizo cha 1956 sichinachitike.

Chichiri

Msewu waukulu wolumikiza matauni awiriwa unkatchedwa Kamuzu Highway. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994 unapatsidwa dzina la Masauko Chipembere, nduna imene inasemphana ndi Dr Banda mu 1964 n'kukamwalira ku America mu 1975. Pa nthawi ya chipani chimodzi dzina limeneli munthu sankalitchula mokweza. Lero lili pa zikwangwani za msewu wotanganidwa kwambiri mumzinda.

Pakatikati pa msewuwu pali Chichiri. M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku chichiri ndi kamtengo kosongola kokhomera pansi, kaja timamangirirapo mbuzi kapena kukhomera chikopa kuti chiume. Pano pali bwalo la Kamuzu Stadium, limene poyamba linkatchedwa Rangeley Stadium, dzina la mkulu wina wa boma la atsamunda. M'bwalo limeneli ndi mmene mbendera ya Britain inatsitsidwa ndipo ya Malawi inakwezedwa pa 6 Julayi 1964. Chapafupi pali chipilala cha ufulu chodutsa pamwamba pa msewu, komanso nyumba yosungira zinthu zakale ya Chichiri Museum, imene inatsegulidwa mu 1966. Panja pake pali injini yakale ya sitima ndi makina ena a nthawi ya atsamunda. Mkati muli zida za makolo, ndalama zakale, ndi mwala umene unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981. Mukalowa, werengani timapepala tofotokoza zinthu, muone kuti ndi zingati zili ndi dzina la Chichewa, Chiyao kapena Chilomwe, ndipo ndi zingati zangofotokozedwa m'Chingerezi.

Kwa Mandala

Mukadutsa chipatala cha Queen Elizabeth, chimene tonse timangoti Kwinzi, ndi Ginnery Corner, pamene dzina lokha ndi limene latsala kukumbutsa za makina opunthira thonje, mufika pa nyumba imene imadziwika kuti ndi yakale kwambiri mwa nyumba za chizungu zimene zikadaima m'Malawi muno. Mandala House inamangidwa mu 1882, ya nsanjika, ya khonde lalikulu. Inali ya mamanijala a kampani imene inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878 ndi dzina loti Livingstonia Central Africa Company, imene pambuyo pake inatchedwa African Lakes Corporation. Oyendetsa ake anali abale awiri, John ndi Frederick Moir.

John Moir ankavala magalasi a m'maso, ndipo anthu anamutcha Mandala chifukwa cha kunyezimira kwa magalasiwo. Onani ulendo wa mawu amenewa. Anayamba ngati dzina lonyogodola munthu mmodzi. Kenako anakhala dzina la nyumba yake, kenako la kampani yonse, kenako la masitolo ake amene anafalikira m'maboma, moti "kwa Mandala" kunali kunena kusitolo. Pomaliza anakhala dzina la dera lonse la mumzinda. Kampaniyo inalandira dzinali n'kuyamba kuligwiritsa ntchito pa malonda ake. Wogwira ntchito wina amene anayang'ana bwana wake n'kumupatsa dzina ndi amene anapambana: dzina la ku Glasgow ndi ochepa amalikumbuka, koma Mandala mwana aliyense wa mu Blantyre amamudziwa.

Mwambo wopatsa azungu maina unali ponseponse, ndipo pa esiteti sunathe. Bwana aliyense watsopano ankalandira dzina pasanathe sabata, lotengera kayendedwe kake, mawu amene ankakonda, kapena ukali wake. Nthawi zambiri mwini wake sankalidziwa. Imeneyi inali njira yokambirana za munthu wamphamvu iye ali pomwepo.

Malo a Mandala alinso m'mbiri ya John Chilembwe. Mu Januwale 1915, pamene gulu lina la anthu ake linapita ku Magomero ku esiteti ya A. L. Bruce n'kupha William Jervis Livingstone, gulu lina linabwera ku Blantyre usiku kudzathyola nyumba yosungira mfuti ya kampani ya Mandala. Anapeza mfuti zochepa chabe, ndipo kulephera kumeneku kunafooketsa kuukira konse. Chimodzi mwa zimene zinawakwiyitsa chinali thangata yemwe uja. Lero m'nyumbayi muli laibulale ndi zolemba zakale za Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1946 ndi dzina loti Nyasaland Society. Wophunzira aliyense wa zinenero ayenera kukhalamo tsiku limodzi, chifukwa mabuku akale a Chinyanja amene timangowamva m'kalasi mukhoza kuwagwira ndi manja.

Boma ndi Wenela

Pakati pa tauni, mu Victoria Avenue, muli nyumba zakale za boma ndi holo ya tauni ya mu 1903 imene inamangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria. Khonsolo ya tauni ya Blantyre inayamba mu 1895. Maina a misewu pano ali ngati kaundula: Henderson, Sharpe, Glyn Jones, Haile Selassie, Chilembwe, Hannover. Aliyense akuimira nyengo yake.

Pano ndiyenera kukonza bodza limodzi limene limayenda kwambiri, ngakhale m'makalasi. Mwina munamvapo kuti mawu oti boma ndi chidule cha mawu a Chingerezi onena za ulamuliro wa asilikali a Britain kunja kwa dziko lawo. Ayi ndithu. Boma ndi mawu a Chiswahili otanthauza linga kapena mpanda wotchinga, ndipo apaulendo a m'zaka za m'ma 1800 ankawalemba kale ulamuliro wa atsamunda usanakhazikike. Ofesi za atsamunda zoyamba zinali m'malinga, ndiye dzina la mpanda linakhala dzina la ofesi, kenako la tauni imene muli ofesiyo, kenako la dera lonse, pomaliza la ulamuliro weniweniwo. N'chifukwa chake chiganizo choti "boma latumiza anthu ku boma" chimamveka bwinobwino kwa ife.

Mawu amene anachokeradi ku chidule ndi Wenela. Depoti ya mabasi ija inatenga dzina ku WNLA, Witwatersrand Native Labour Association, bungwe limene linkalemba amuna ntchito ya m'migodi ya golide ku South Africa. Zilembo zitatu zotsatana zopanda mavawelo sizikanatheka pakamwa pa Mbantu, ndiye anthu anaikamo mavawelo kuti mphatikizo iliyonse ithere pa vawelo, monga tinachitira ndi sukulu, buku ndi fakitale. Amuna masauzande ambiri anadutsa pamenepa kupita ku Joni, dzina lina lofupikitsidwa, la Johannesburg. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Dr Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito kumeneko. Pa depoti palibe chimene chingamuuze wapaulendo zonsezi. Dzina lokha ndi limene lanyamula nkhaniyi.

Pa Mishoni

Kuchoka pa Wenela ndi mtunda waufupi wapansi kukafika pamene mzinda unayambira. Mu 1876 amishoni a Church of Scotland anakhazikika pano, m'dera la mfumu Kapeni, pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru. Amene anasankha malowa ndi Henry Henderson, ndipo dzina lake lili pa msewu komanso pa sukulu ya HHI. Koma Henderson sankayenda yekha. Womasulira wake anali Tom Bokwito, amene ali mwana anapulumutsidwa kwa ogula akapolo. Popanda womasulira, kukambirana ndi mafumu kukanatheka bwanji? Zaka zoyamba za mishoniyi zinali ndi manyazi ake: amishoni ankaweruza milandu ndi kukwapula anthu, nkhani inamveka ku Scotland, ndipo mtsogoleri wawo Duff Macdonald anachotsedwa. Mu 1881 kunabwera David Clement Scott.

Scott ndi amene anakonza mapulani a tchalitchi cha St Michael and All Angels, ngakhale sanaphunzire za zomangamanga. Ntchito inayamba mu 1888 ndipo tchalitchi chinapatulidwa pa 10 Meyi 1891. Njerwa zinaumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo, m'zikombole za maonekedwe osiyanasiyana, n'chifukwa chake khoma lililonse lili ndi kakongoletsedwe kake. Imani kutsogolo muone nsanja ziwiri zija, sizofanana. Timabuku ta alendo timatchula Scott ndi dzina, koma amisiri amene anaumba ndi kuyala njerwazo timangoti "anthu a m'deralo".

Kwa ife a zinenero Scott ndi wofunika pa chifukwa china. Mu 1892 anasindikiza A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language, buku la masamba oposa 700 limene silimangomasulira mawu koma limafotokoza miyambo, ntchito za manja, milandu ndi masewera. Alexander Hetherwick analikonzanso n'kulitulutsa mu 1929 ndi dzina loti Dictionary of the Nyanja Language. Taonani maina atatu a chinenero chimodzi m'zaka zosakwana 80: Mang'anja mu 1892, Nyanja mu 1929, Chichewa mu 1968. Bukuli ndi tchalitchi chija n'zofanana pa chinthu chimodzi. Mawu onse ali mmenemo anachokera pakamwa pa anthu amene anakhala pansi ndi Scott kumufotokozera, koma pachikuto pali dzina limodzi.

Ena mwa anthu a pa mishoni analemba okha. Harry Kambwiri Matecheta, amene pamodzi ndi Stephen Kundecha anadzozedwa ubusa mu 1911, analemba mbiri ya mishoniyi m'Chinyanja, Blantyre Mission: Nkhani za Ciyambi Cace, imene inatuluka mu 1951. Mutu wokhawo ukukuonetsani kalembedwe ka nthawi imeneyo: c pamene ife timalemba ch, ndi "cace" pamene ife timati "chake".

Ndipo pano ndi pamene ulendo wathu ukukumana ndi kumene tinachokera. Tiyi woyamba m'dziko muno anayesedwa m'munda wa mishoni yomweyi. Kuchoka apa mbewu inapita ku Mulanje, kumene Henry Brown anaibzala pa Thornwood mu 1891, ndipo patapita zaka inafika ku Thyolo. Tchire limene agogo anawerama pa ilo moyo wawo wonse linayambira pafupi ndi tchalitchi chimene alendo amachijambula.

Chimene ndikupempha

Nyumba ngati Mandala House ndi St Michael zili ndi malamulo oziteteza, ndipo ndi bwino kutero. Maina ndi mawu alibe chitetezo chotero. Agogo anamwalira ndisanawafunse maina amene ankatchula magawo a munda wa tiyi, maina a akapitawo, kapena mawu a Chilomwe amene ankasakaniza akamakamba za ntchito. Ndinkaona ngati ndi nkhani wamba za kukhitchini. Pano ndikuwerenga mabuku kufunafuna zimene ndikanangofunsa titakhala pamkeka.

Ndiye anzanga, mukapita kukaona malo amenewa, werengani zikwangwani, lembani zaka. Mukatero funsani mlonda wa pageti, mayi wogulitsa nthochi panja, kapena wachikulire amene mwakhala naye mpando umodzi m'minibasi kuti malowa iwo amawatcha chiyani, ndipo anamva kwa ndani. Mukapita kumudzi pa holide, tengani foni, pemphani chilolezo, jambulani mawu a agogo anu akutchula madambo, zitsime, misika ndi masiteji. Lembani mmene atchulira, musawakonzere kalembedwe. Sabata ya mawa ndikubwerera ku Thyolo kukacheza ndi amayi awiri amene ankathyola tiyi gulu limodzi ndi agogo.